MADZI OYERA MBEE, KOMA WAWAYEZA NDANI?

Wolemba Mtolankhani Wapadera ku Rumphi

DZINJA lapitali mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka zitatu amene ntchito yake n'kuthamangitsa nkhuku pabwalo, anatsala pang'ono kutisiya. Anayamba kutsegula m'mimba chakumadzulo, ndipo pomwe tambala woyamba amalira n'kuti maso atalowa m'kati, milomo itauma gwaa, akulira koma misozi osatuluka. Tinamukweza pakabaza kuthamangira naye kuchipatala chaching'ono cha kwathuko m'chigwa cha Henga, m'boma la Rumphi. Mulungu si Jemusi, atamuika madiripu awiri mwanayo anatsitsimuka n'kuyamba kuitanitsa phala.

Titabwerera kumudzi mlandu unabuka. Agogo ankati pali munthu amene wamuchita chipongwe mwanayo, ndipo dzina la munthuyo ankalitchula chapansipansi. Alamu anga ankaloza mango aawisi. Ena ankati ndi mano, chonsecho mwana wa zaka zitatu mano anamera kalekale. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchulapo madzi. Nanga n'kuwatchula bwanji poti timatunga pamjigo, ndipo ukawathira m'kapu amaoneka oyera mbee ngati a m'botolo logula m'sitolo?

Patapita masiku awiri kunabwera mlangizi wa zaumoyo, amene kumudzi timangomuti adokotala. Iyeyu sanafunse n'komwe za kumene timatunga madzi. Anapempha kuti aone momwe timasungira. Achemwali anamulowetsa m'khitchini, ndipo apo panali ndowa yosavindikira, pambali pake kapu ya pulasitiki ili pansi, kapu yomweyo imene aliyense, wamkulu ndi mwana yemwe, wochokera kumunda kaya kuchimbudzi, amaiviika m'ndowamo pamodzi ndi zala zake. Bamboyo anangopukusa mutu.

Ine ndinafunsa kuti, kodi adokotala, mukutsimikiza kuti ndi madziwa? Anandiyankha mosabisa kuti akungoganizira, chifukwa chipangizo choyezera madzi iwo alibe, ndipo kuti munthu adziwe zoona zenizeni pamafunika wodziwa ntchitoyo, botolo lake lapadera ndi labotale.

Apa m'pamene ndinakhala pansi n'kumadzifunsa: kodi anthu oyeza madziwa ndi ndani? Amaphunzira kuti? Nanga bwanji ku Rumphi kuno, boma lomwe timadzitama kuti sukulu ndi kwathu, sitimva mwana akunena kuti ndikadzakula ndidzakhala katswiri wa tizirombo ta m'madzi? Ana athu onse amalota udokotala, uloya ndi ubwana wa ku banki, ngati kuti dokotala, loya ndi bwanayo samwa madzi.

MIPOPI INAYAMBA KALE KUNO

Pajatu nkhani ya madzi a m'mipopi si yachilendo ku Rumphi. Dr Robert Laws atasamutsira mishoni ya Livingstonia paphiri la Khondowe mu 1894, chimodzi mwa zinthu zomwe zinamusowetsa tulo chinali madzi. Pofika 1904 madzi anali atayamba kuyenda m'mapaipi mpaka pamishoni ndi thandizo la ndalama lochokera kwa Lord Overtoun wa ku Scotland, ndipo mu 1905 mphamvu ya madzi inayatsa magetsi pamalopo. Taganizani inu awerengi, nthawi imeneyo Lilongwe n'kuti ili kaboma kakang'ono ka nyumba zowerengeka.

Dziko litalandira ufulu, mu 1968 ku Chingale m'boma la Zomba kunayamba ntchito ya mipopi ya m'midzi ya madzi oyenda okha kuchokera m'mapiri, popanda injini kapena dizilo. Rumphi sanatsalire. M'zaka za m'ma 1970 mipopi yotereyi inafika ku Ng'onga, ku Muhuju, ku Hewe ndi ku Nkhamanga. Makolo athu ndiwo ankakumba ngalande ndi makasu awo, boma n'kumapereka mapaipi ndi amisiri. Nzeru yake inali yakuti madzi ochokera m'nkhalango momwe simukhala anthu ndi abwino kale, sasowa mankhwala.

Koma za dzana si za lero. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti boma la Rumphi lili ndi anthu oposa 229,000. Minda yakwera m'mapiri, mitengo yathera ku zigafa za fodya ndi ku makala, ziweto zikumwa kumtunda kwa mitsinje. M'madera ena mvula ikangogwa, madzi a pampopi amatuluka ofiira ngati tiyi wothira mkaka, ndipo mpopi ukauma amayi amabwerera kukatunga ku South Rukuru, ku Lunyina kapena kunyanja.

Chenjezo lalikulu tinalilandira mu 2022. Kolera inayamba mwezi wa Marichi ku Machinga, anthu a kumpoto n'kumati ndi za kummwera zimenezo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pofika Ogasiti ndi Sepitembala, m'chilimwe mopanda ndi dontho lomwe la mvula, matendawa anali atafika m'mphepete mwa nyanja ku Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga. Pa 5 Disembala chaka chomwecho boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya zaumoyo. Pomwe mliriwu umazilala mu 2023, anthu oposa 58,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atamwalira m'dziko lonse. Kolera yoopsa chotere Malawi anali asanaionepo.

Kolera siuluka m'mwamba ngati chimfine. Imalowera pakamwa, kudzera m'madzi kapena chakudya chomwe chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Ndiye ngati pali anthu oyenera kukhala patsogolo pa nkhondo imeneyi, ndi aja odziwa kuuza mudzi kuti madzi awa imwani, awa musayerekeze.

KODI AMAYEZA BWANJI?

Ambirife timaganiza kuti katswiri amangotenga dontho la madzi n'kuliyang'ana pa makina okulitsa zinthu, basi waona tizirombo. Zoona zake n'zakuti ntchitoyi ili ngati ulimi. Tizirombo amachita kutidzala, n'kudikira kuti timere, kenaka n'kuwerenga.

Woyeza amabwera ndi botolo lophedwa majeremusi onse. Akatunga madzi amaliika m'kabokosi kozizira, ndipo amayenera kuyamba kuyeza asanathe maola 6, chifukwa akachedwa tizirombo tina timafa, tina timaswana, zotsatira n'kukhala zabodza. Apa ndiye poyambira mavuto a boma ngati lathu lino. Kuchoka pa Rumphi boma kupita ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 70, koma tayesani kuchoka ku Hewe kapena ku Tcharo nthawi ya dzinja ndi botolo m'manja kuti mukafike nthawi isanathe.

Akafika nalo, amapima mamililita 100, omwe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo la Fanta, n'kuwasefa pakapepala kapadera kokhala ndi timabowo tating'ono kwabasi, moti timabowo 100 titandandalikidwa sitingakwane kunenepa kwa tsitsi limodzi. Madzi amadutsa, tizirombo timatsalira pamwamba. Kapepalako amakaika m'kambale momwe muli chakudya cha tizirombo, n'kukatsekera m'bokosi lotentha madigiri 44 kwa maola pafupifupi 18. M'mawa mwake pakapepala paja pamaoneka timadontho tachikasu. Kadontho kalikonse ndi banja la tizirombo lomwe laswana kuchokera pamalo amodzi, ndiye katswiri amangowerenga: kamodzi, tiwiri, khumi, mwina mpaka kulephera kuwerenga chifukwa chochuluka.

Tizirombo tomwe amatisaka kwambiri ndi ta m'gulu la E. coli, komwe dokotala wa ana wa ku Germany, Theodor Escherich, anakafotokoza koyamba mu 1885. Kachirombo kameneka kwawo ndi m'matumbo a munthu ndi a nyama, ndipo mitundu yake yambiri siidwalitsa. Nanga amakafuniranji? Chifukwa ndi mboni. Ukakapeza m'madzi ndiye kuti chimbudzi chalowamo, ndipo njira imene kadzera ndi yomweyo ingadzere kolera, taifodi ndi kamwazi. Ukaona mapazi a fisi pakhola sudikira kuti umuone fisiyo ndi maso.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke E. coli ndi kamodzi komwe. Kuno kwathu, muyezo wa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime womwe bungwe la Malawi Bureau of Standards linatulutsa mu 2005 unaika malire pa 50. Kusiyana kumeneku pakokha kukukuuzani kuti amene ankalemba muyezowo ankadziwa bwino momwe zitsime zathu zilili.

Kuwerenga timadontho ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi la injiniya wa zachilengedwe, amene amafunsa kuti nyansizi zalowera pati? Mwina simenti ya pamjigo inang'aluka ndipo madzi ochapira akubwerera pansi. Mwina wina wakumba chimbudzi kumtunda, pamtunda wosakwana mamita 30 kuchokera pachitsime. Mwina paipi inabooka, ndipo madzi akasiya kuyenda imayamwa matope a panja. Iye ndiye amawerengera kukula kwa thanki yodekhetsera matope, kuchindikala kwa mchenga wosefera, ndi kuchuluka kwa klorini wothira kuti pakatha mphindi 30 tizirombo tife, komanso kuti patsale pang'ono, pakati pa 0.2 ndi 0.5 miligalamu pa lita, wolondera madziwo mpaka kumpopi womalizira. Amadziwanso kuti madzi amatope amadya klorini, ndiye kuthira mankhwala usanadekhetse kapena kusefa n'kutaya ndalama.

Komanso si tizirombo tokha. Ku Chiweta kuli akasupe otentha, ndipo akatswiri anapeza kuti madzi a akasupe otere m'Malawi muno amakhala ndi fluoride wambiri, mchere umene ukapyola 1.5 miligalamu pa lita umathimbiriritsa mano a ana, ndipo ukachulukitsitsa umaononga mafupa. Umenewu ngakhale muwiritse madzi tsiku lonse suchoka. Boma lathu lilinso ndi migodi ya malasha ndi minda ya fodya yothira feteleza chaka ndi chaka. Zonsezi ndi mafunso ofuna munthu wa sukulu yake kuti awayankhe ndi manambala, osati ndi mphekesera za pa bawo.

NDOWA YA KU NYAMITHUTHU

Wina anena kuti, aaa, zofufuzafufuzazi n'za azungu, ife kumudzi zitithandiza chiyani? Tamverani nkhani iyi, yomwe inachitikira m'dziko mwathu mommuno, ngakhale kutali ndi Rumphi.

Mu 1993, ku kampu ya Nyamithuthu m'boma la Nsanje komwe kunkakhala anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, kunabwera Les Roberts wa ku America, amene n'kuti atangotenga kumene digiri ya udokotala wa uinjiniya wa zachilengedwe pa yunivesite ya Johns Hopkins. Pakampupo anthu ankavutika ndi kutsegula m'mimba, ndipo kolera inali itagwapo kale. Iye ndi anzake atayeza, anapeza kuti madzi akamatuluka pachitsime amakhala abwino ndithu. Amaipira m'njira ndi m'nyumba, makamaka chifukwa cha zala zolowa m'ndowa.

Ndiye anagawira mabanja ena ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro ndi kamlomo kothirira, yoti dzanja silingalowemo, n'kumayerekeza ndi mabanja a ndowa wamba. Zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa mu 2001 m'magazini ya WHO, zinaonetsa kuti tizirombo ta m'madzi a m'nyumba tinachepa ndi 69 peresenti, ndipo kutsegula m'mimba kwa ana osakwana zaka zisanu kunatsika ndi 31 peresenti. Anaonanso kuti klorini ndi wotchipa komanso wamphamvu kuposa ndowayo, koma anthu pakampupo sankamufuna. Roberts pambuyo pake anadzakhala pulofesa pa yunivesite ya Columbia ku New York.

Taonani abale, zomwe adokotala a kumudzi kwathu anaona m'khitchini ya achemwali anga ndi zomwe zija zinatsimikizidwa ndi manambala ku Nsanje zaka zoposa 30 zapitazo. Ndipo vutoli silinathe. Pa kafukufuku wa MICS yemwe ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2019 ndi 2020 mothandizidwa ndi UNICEF, madzi anapezeka ndi E. coli pafupifupi 60 peresenti pomwe amatungidwa, koma a m'nyumba, aja timamwa enieniwo, chiwerengero chinapyola 90 peresenti. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa atsikana amene akuganiza kuti iyi ndi ntchito ya abambo, dziwani dzina la Rita Colwell. Mayiyu, katswiri wa tizirombo wa ku America, anaonetsa kuti kachirombo ka kolera kamakonda kumamatira ku tinyama ting'onoting'ono ta m'madzi, ndipo iye ndi anzake a ku Bangladesh analengeza mu 2003 kuti kusefa madzi pansalu yakale yopinda kanayi kunachepetsa kolera pafupifupi ndi theka m'midzi yomwe anayesera. Nsalu si mlowam'malo wa klorini kapena kuwiritsa, koma nkhaniyi ikuonetsa kuti sayansi yeniyeni imatha kuthera pa chinthu chomwe mayi aliyense ali nacho m'nyumba.

SUKULU YAKE ILI KUTI?

Tsono mwana wa ku Bolero, ku Mhuju kapena ku Mlowe amene nkhaniyi yamukhudza ayambire pati? Ayambire mu Folomu 1 momwe alimo. Masamu, Biology, Chemistry ndi Physics asazithawe, ndipo Chingerezi asachinyoze, chifukwa pa mayeso a MSCE ndi maphunziro amenewa omwe amatsegula chitseko. Ine amene ndikulemba pano ndinazemba Chemistry ndili Folomu 3 chifukwa anzanga ankati ndi yovuta, lero ndikungolemba za ntchito ya anzanga.

Akakhoza, zitseko zilipo zingapo. Ku Blantyre kuli MUBAS, yomwe kale tinkaitcha Polytechnic isanaime payokha mu 2021, komwe amaphunzitsa uinjiniya wa zomangamanga komanso zaumoyo wa malo okhala anthu. Ku Thyolo kuli MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014, ndipo ili ndi maphunziro a ubwino wa madzi komanso a tizirombo toyambitsa matenda. Ku Bunda kuli LUANAR ya zaulimi ndi zachilengedwe. Pakhomo pathu penipeni pali Mzuzu University, yomwe inalandira ophunzira oyamba mu 1999 ndipo ili ndi nthambi ya madzi ndi ukhondo. Pa Khondowe pomwe paja pali University of Livingstonia ya Sinodi, yomwe inayamba mu 2003, komwe kuli maphunziro a zaumoyo wa anthu. Wosowa fizi akhoza kupempha ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama ophunzira a m'mayunivesite.

Digiri yoyamba imatenga zaka zinayi, ya uinjiniya zisanu. Nayo imeneyi munthu akhoza kulembedwa ntchito ku Northern Region Water Board, ku labotale za boma zoyeza madzi, ku khonsolo kapena ku mabungwe. Koma wofuna kukhala mphunzitsi wa pa yunivesite ndi wofufuza amapitiriza: zaka ziwiri za masitazi, kenaka zitatu, zinayi kapena kuposerapo za udokotala wa maphunziro. A Malawi ambiri a za madzi anatengera masitazi awo ku University of Zimbabwe ndi University of Dar es Salaam kudzera m'bungwe la WaterNet. Mukawerengera bwinobwino, kuchokera pa Folomu 4 mpaka kutchedwa Dokotala ndi zaka zisanu ndi zinayi kapena kuposa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo pa yunivesite sakukweza chifukwa cha imvi. Kuti uchoke pa ulekichala kufika pa upulofesa uyenera kuphunzitsa, kuyang'anira kafukufuku wa ophunzira, komanso kusindikiza zomwe wapeza m'magazini a akatswiri, komwe anzako osakudziwa n'komwe amayamba azisanthula kaye asanazivomereze.

Anthu otere ku Mzuni alipo, ndipo Rumphi anamufikapo kale. Dr Elijah Wanda ndi anzake anasindikiza mu 2013 kafukufuku wa madzi a pansi pa nthaka omwe alimi a ku Rumphi ndi Karonga amathirira mbewu. Dr Rochelle Holm wa ku America anagwira ntchito zaka zingapo pa Centre of Excellence in Water and Sanitation ya pa Mzuni, n'kulemba zambiri pamodzi ndi a Malawi za zitsime, mijigo ndi zimbudzi za chigawo cha kumpoto, asanapite ku University of Louisville. Choncho njira inalambulidwa kale. Chosowa ndi mapazi ambiri oyendamo.

MINGA ZAKE

Koma tisanamizane, ntchitoyi ili ndi minga zake. Timapepala tosefera tija, chakudya cha tizirombo ndi zipangizo zina zimachokera kunja, ndipo ndalama zakunja zikasowa labotale imangokhala chipinda cha mabotolo opanda kanthu. Magetsi akazima pakati pausiku bokosi lotenthetsa lija n'kuzizira, ntchito ya tsiku lonse pamodzi ndi mafuta a galimoto zapita pachabe. N'chifukwa chake oyeza a kumidzi amakonda timabokosi tonyamula m'manja toyendera batire, monga DelAgua.

Munga wina ndi wakuti ndalama zambiri za kafukufuku zimachokera kwa opereka thandizo a kunja, ndipo mwini ndalama ndiye amasankha funso. Mwina iye akufuna kudziwa za mtundu wina wa pampu, pomwe amayi a m'mudzimo funso lawo n'lakuti bwanji madzi a mjigo wathu amanunkha dzimbiri.

Munga wachitatu ndiwo umandipweteka kwambiri ine. Kangati mwaona anthu atabwera pagalimoto, atunga madzi m'mabotolo, alemba m'makope, atsazika kwa amfumu, basi osadzaonekanso? Zotsatira zimakathera m'magazini a Chingerezi chozama omwe ngakhale ine wa Folomu 4 ndimatuluka nawo thukuta, pomwe mayi amene amamwa madziwo sanauzidwe kalikonse. Mwana wa m'mudzi momwemo sangachite zimenezi mosavuta. Amayi ake amatunga pamjigo womwewo. Akabwera pa maliro kapena pa Gonapamuhanya anthu amugwira malaya n'kumufunsa m'Chitumbuka kuti madzi aja munapezamo chiyani, ndipo ayenera kuyankha m'Chitumbuka chomwecho, momveka kwa agogo.

Palinso vuto lakuti amene waphunzira kwambiri mayiko ena amamukopa ndi malipiro abwino ndi labotale zodzaza. Sitingamutukwane, naye ali ndi ana ofuna kudya. Koma tikaphunzitsa mmodzi yekha, akachoka ndiye kuti tatsala manja lende. Tikaphunzitsa khumi, ena atsala.

NDIYE TITANI?

African Development Bank inavomereza ndalama zothandizira ntchito yokonza madzi ndi ukhondo pa Rumphi boma ndi madera oyandikira kudzera ku Northern Region Water Board. Imeneyo ndi nkhani yabwino. Koma mbiri ya Khondowe, Ng'onga ndi Nkhamanga yatiphunzitsa kuti kuika paipi ndi tsiku limodzi, kulondera madzi oyenda m'paipimo ndi moyo wonse. Thanki yatsopano popanda munthu woyeza mwezi ndi mwezi ili ngati sikelo yogulira fodya yomwe palibe anaipimapo.

Kwa a khonsolo ndi aphungu a boma lino, pempho ndi ili: pa ndalama zachitukuko zomwe mumakumbira mijigo, patulaniko pang'ono zogulira chipangizo choyezera ndi kuphunzitsa alangizi a zaumoyo kuchigwiritsa ntchito. Mjigo usamangotsegulidwa ndi nyimbo ndi magule, pakhalenso pepala lonena kuti madzi ake anayezedwa liti ndipo munapezeka chiyani, likhomedwe poonekera.

Kwa mafumu ndi makomiti a madzi: aliyense wobwera ndi botolo kudzatunga madzi a kafukufuku, mufunseni dzina, komwe wachokera ndi tsiku lomwe adzabwere kudzakuuzani zotsatira. Safunsa anadya phula.

Kwa aphunzitsi a m'masekondale athu, ku Rumphi, ku Bolero, ku Livingstonia, ku Phwezi ndi m'ma CDSS onse: pa tsiku louza ana za ntchito zosiyanasiyana, itananiko munthu wa ku Mzuni abwere ndi kambale kake ka timadontho tachikasu. Mwana akaona ndi maso ake zomwe zamera kuchokera m'madzi a pasukulu pake, sadzaiwala.

Kwa makolo: mwana akakuuzani kuti akufuna kukaphunzira za madzi ndi zimbudzi, musamuseke kuti nanga sukulu yonseyi ukathere ku zonyansa? Dokotala amachiza mwana mmodzi pa bedi limodzi. Woyeza madzi akagwira bwino ntchito yake, mabedi a wodi yonse amakhala opanda anthu, ngakhale palibe amene adzabwere ndi nkhuku kudzamuthokoza.

Podikira zonsezo, pali zomwe tingachite lero lomwe dzuwa lisanalowe. Vindikirani ndowa. Madzi akumwa asungidwe m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono kapena m'ndowa ya kampopi, kuti dzanja lisalowemo. Thirani WaterGuard kapena klorini wa kwa alangizi monga mwa malangizo, n'kudikira mphindi 30, kapena wiritsani mpaka abwate. Sambani m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi. Mwana akayamba kutsegula m'mimba, mpatseni Thanzi ORS n'kuthamangira kuchipatala, za kwa sing'anga muzisiye kaye.

Kwa achemwali anga ndowa ija tsopano ndi yochapira. Anagula ina ya kampopi pa Rumphi boma, ndipo kapu imakhala pamsomali. Agogo akadali ndi maganizo awo pa za munthu uja, koma nawonso amamwa a m'ndowa yatsopanoyo, ngakhale amadandaula kuti amanunkha mankhwala. Mphwanga uja wayambiranso kuthamangitsa nkhuku. Koma mjigo wa m'mudzi mwathu, womwe mabanja onse amamwa, chikumbireni sindinaone munthu atabwera ndi botolo kudzauyeza.